Pasiwedi ya apongozi

Chaka chimene ndinafunsira mkazi wanga ndinkagwira ntchito ku Prospecton, mumzinda wa Durban, m'fakitale ina yaing'ono yosoka zovundikira mipando ya magalimoto. Ine sindinkasoka, yanga inali yonyamula makatoni. Ndinkagona ku Cato Manor m'kachipinda ka malata, koma kwathu kwenikweni kunali m'shopu ina ya utelala pafupi ndi Warwick Junction, pamwamba pa masitepe onunkha mafuta okazingira. Ndikatsika sitima madzulo ndinkayamba ndadzera kumeneko. Mumsewu tonse tinkayenda ndi Chizulu chathu chothyokathyoka kapena kungotseka pakamwa, koma ukalowa m'shopu muja n'kukankha chitseko, Chichewa chinkatuluka chokha.

Mwini shopuyo anali mayi wa ku Ntcheu, wamkulu ndithu, amene anafika ku Joni ife tikadali pasukulu. Tonse tinkangowatchula kuti Amayi. Kutsogolo kunali makina osokera, ndipo kuseri kwa katani kunali makompyuta atatu okhala ndi tikamera pamwamba. Amalawi amene anali ndi abale m'matauni akwathu kapena kunja ankabwera kudzalankhula nawo moonana nkhope. Azimayi ogula katundu wokagulitsa kumudzi ankaonetsa nsapato ndi mabulangete pakamera asanapakire, kuti wogula wa ku Limbe asadzawiringule katundu atafika.

Intaneti inkalowa pa waya wa telefoni, koma isanafike pa makompyuta atatuwo inkadzera pa chikompyuta china chakale chokhala pansi pa tebulo lodulira nsalu. Amene anachikonza ndi mnzanga wina wa ku Zimbabwe asanasamukire ku Cape Town. Chinalibe zithunzi, sikirini yake inali yakuda ya zilembo zoyera zokhazokha, ndipo aliyense ankachiopa kupatula ine. Si kuti ndinali katswiri ayi. Mnzangayo anandionetsa zinthu zochepa: poyatsira, mawu olamula kuti chilumikize, ndi kafayilo kamene munkakhala dzina la akaunti ndi pasiwedi yake. M'kafayiloko mzere wofunika unali umodzi wokha, wa pansi. Mizere ya pamwamba yonse inkayamba ndi hashi, kachizindikiro komwe kaja timadina pomaliza tikamalowetsa mayunitsi m'foni. Nditafunsa, anandiuza kuti kompyuta ikangoona hashi imasiya kuwerenga mzere umenewo, chifukwa zotsatira pamenepo amalembera anthu. Ndi nzeru zochepazo ndinakhala dokotala wa pashopupo, malipiro ake tiyi ndi kundisokera mabuluku.

Mkazi wanga, amene panthawiyo anali chibwenzi chabe, ankasoka m'shopu momwemo. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo Amayi ndi amene anadzamutenga ku Ntcheu n'kumamusunga kunyumba kwawo ngati mwana wobereka okha. Ndinamufunsira pakati pa phokoso la makina, anandizunguza mpaka ndinawonda, kenako analola ndipo tinakawauza Amayi. Anamvetsera, anagwedeza mutu, anati zili bwino. M'mawa mwake ndinapeza kuti ndasanduka mkamwini.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Sakhala pafupi, sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi komweko zimenezi zinali zitayamba kuzilala, koma Amayi anazinyamula kuchokera ku Ntcheu zonse zili zamphumphu. Munthu amene dzulo lake ankandikalipira kuti, "Iwe, chotsa zinsapato zakozo pa nsalu yanga," tsopano ndikalowa ankakokera mpango kumaso n'kutembenukira kukhoma. Tchire loti n'kupatukirako munalibe m'shopu muja, choncho ankapatukira kuseri kwa katani. Mawu onse ankadzera kwa chibwenzi changa. "Uwauze akamwini kuti tiyi ali m'fulasiki." Ine ndili pomwepo, fulasikiyo ndikuiona. Zinkandinyansa, ndisaname. Ndinkaona ngati ndataya mayi n'kupatsidwa khoma. Koma mkamwini asamakule mwendo, ndiye ndinkangomeza malovu.

Amayi kulola kwawo sikunali komaliza. Mwini mbumba anali malume a chibwenzi changa, mlongo wawo wa malemu mayi ake, mlimi wa mbatatesi kumapiri a ku Ntcheu. Atauzidwa nkhaniyo pa foni anakana kuimva.

"Amuna a ku Joni ndimawadziwa ine," anatero malumewo kwa mwana wa mlongo wawoyo. "Kuno asiya mkazi ndi ana, uko akuti sanakwatirepo. Pa foni aliyense ndi wofatsa. Ndimuone kumaso, ndipo mayi akukusungawo akhalepo. Zikakanika, Disembala ubwere kuno, amuna sanathe."

Sankaseka. Ndipo chibwenzi changa anandiuza poyera kuti ukwati wopanda ankhoswe, wosavomerezedwa ndi malume ake, iye sangaulowe. Sindinamutsutse, ndimo mmene analeredwera. Kupita ndekha ku Ntcheu sikukanatheka, chifukwa masiku a m'pasipoti mwanga anali atatha kalekale, ndipo kutuluka m'dzikomo kukanakhala kutsanzika ntchito. Tinafufuza n'kupeza kuti pa boma pa Ntcheu pali kafe ya intaneti yokhala ndi kamera. Tinagwirizana ndi mwini wake za Loweruka lina m'mawa. Chinali chaka chija mafuta agalimoto ankasowa kwathu, maminibasi akugona pamizere, ndiye malume anati atsika phiri pa njinga. Anawonjezera kuti atsika kamodzi kokha, chifukwa kudimba kulibe wowagwirira.

Masiku amenewo intaneti ya pa waya inkagulidwa ngati palafini, ya mwezi, ikatha yatha. Miyezi ingapo yotsatizana yathu inkatha mwezi usanafike pakati. Akaunti yoteroyo munthu akadziwa pasiwedi ankatha kukaigwiritsa ntchito kunyumba ina, choncho Amayi anatsimikiza mumtima kuti alipo amene akuwakama. Ndani, sanatchule. Poopa kuti ingathe pa tsiku la malume, Lachisanu lake anapita okha ku ofesi ya kampani ya intaneti kukasintha pasiwedi. Ankafuna kutithandiza, ndipo zimenezi ndimazikumbukira ndikayamba kupsa mtima ndi nkhaniyi.

Nditafika madzulo a Lachisanu ndinapeza intaneti palibe. Zimenezo sizinandidabwitse, chikompyuta chija chinali chikadatumiza pasiwedi yakale. Ndinachikoka pansi pa tebulo n'kumuuza chibwenzi changa kuti apemphe Amayi andipatse yatsopano.

"Uwauze akamwini kuti ndilemba ndekha," anayankha Amayi ali kuseri kwa katani. "Yakale ija inkadziwika ndi anthu ambiri, n'chifukwa chake inabowoka."

Ndinatsegula kafayilo kaja, ndinafufuta pasiwedi yakale, ndinasiya kamzere kothwanima pamalo oyenera. Ndinafotokoza, kudzera kwa mtumiki wathu, mabatani oti adine akamaliza kuti zisungike ndi kutseka. Kenako ndinapita pakona n'kuyang'ana khoma. Chibwenzi changa nayenso anauzidwa kuti atembenuke.

"Chimene ukudziwa iwe lero, mawa adzachimvera pa pilo," anatero Amayi.

Tinaima choncho awiri, ngati ana olangidwa m'kalasi, tikumva chala chimodzi chikugogoda pang'onopang'ono. Atamaliza anabwerera kukatani, ine ndinabwerera pampando n'kulamula kuti chilumikize. Chinayesa, chinabweza mzere wa Chingerezi wonena kuti kampani yakana kutizindikira. Tinabwereza. Pobwerezapo panali ntchito, chifukwa m'kafayiloko pasiwedi imaonekera poyera, siibisika m'timadontho. Ndinkalemba mawu otsegulira fayilo, n'kuthawira kukhoma ndisanadine batani lomaliza, Amayi n'kubwera kudzadina okha. Yankho linali lomwelo. Mlonda wa nyumbayo anayamba kugwedeza makiyi pamasitepe, ndipo tinatseka shopu intaneti isanabwere.

Tili panjira yopita ku renki ya minibasi ndinamunong'oneza chibwenzi changa kuti mawa tingopita ku kafe ina ya m'tauni. Anakawauza Amayi, amene ankayenda patsogolo pathu patali ndithu. Anabwera ndi yankho lakuti nkhani ya ukwati si ya pamsika. Ndipo m'kafe ya eni dziko, pakati pa anthu osawadziwa, ndani akanakuwa Chichewa m'maikolofoni kuti nkhalamba ya ku Ntcheu imve? Zipolowe zothamangitsa alendo zija zinali zisanaiwalike, ndipo Amayi anazionera pafupi.

Loweruka ndinalawirira, nditavala malaya oyera amene chibwenzi changa anandisitira ndi jekete lobwereka. Ku Durban kukatentha jekete ndi chilango, koma ndinkafuna malume aone munthu. Amayi anabwera atavala zakutchalitchi. Tinayambiranso masewera athu a dzulo: ine kukhoma, iwo pampando, chala chikugogoda. Chinakananso.

"Uwafunse Amayi ngati sanasakanize zilembo zazikulu ndi zazing'ono," ndinatero.

"Uwauze akamwini kuti sukulu ndinapitako."

"Uwafunse ngati sanasiye mpata pakati."

"Uwauze kuti maso anga akuona. Ndimalowetsa ulusi pa singano popanda magalasi."

Chibwenzi changa ankangotembenuza mutu uku ndi uku, kubwereza mawu amene tonse tawamva kale. Kenako Amayi anaimbira kampani ija. Analankhula Chingerezi chawo chosakaniza ndi Chizulu, "Yebo sisi, yebo," kwa nthawi yaitali. Atadula ananena moyang'ana kukhoma kuti kumeneko akuti akaunti ili bwino, pasiwedi yatsopano inalowa, koma imene ikufika kuchokera kwa ife ndi yolakwika. Anawonjezera kuti mwina chikompyuta cha akamwini chakalamba. Kuyambira pamenepo chinakhala changa.

Foni ya chibwenzi changa inalira kamodzi n'kuduka. Anali mwini kafe wa ku Ntcheu akufulasha, chizindikiro chakuti malume afika. Chibwenzi changa anaimba n'kupempha kuti adikire pang'ono, makina akuvuta.

Ndiyenera kunena apa kuti fayilo ija inali pansi pa zala zanga. Nthawi iliyonse imene Amayi abwerera kukatani ndikanatha kuitsegula, kuiyang'ana ndi kuitseka asanaphethire. Ndinaganizapo, osati kamodzi. Koma kumeneko kukanakhala kupisa dzanja m'chikwama cha apongozi, pa tsiku lomwe akuyembekezeka kundichitira umboni kuti ndine munthu wokhulupirika. Katani ija inali yopyapyala, ndipo Amayi analibe chowadutsa m'shopu mwawo. Komanso kuwauza kuti "mwalakwitsa, ndioneni" sikukanatuluka pakamwa panga. Ndinayamba kukayikira zinthu zosalakwa. Ndinazula waya wa telefoni n'kuuzira, ndinazimitsa kabokosi ka intaneti ka timagetsi tobiriwira n'kukayatsanso, ndinakwawa pansi pa tebulo ndi jekete la eni ake mpaka linadzaza ulusi. Thukuta linali kamukamu, ndipo ukali unkandikwera. Ndinkakwiyira Amayi, mnzanga wa ku Zimbabwe amene foni yake sinkapezeka, malume ndi njinga yawo, ngakhalenso makolo amene anayambitsa zoopana ndi apongozi osaganizira kuti tsiku lina kudzakhala makompyuta.

Foni inaliranso. Ulendo uno anali malume eni ake, ndipo ankalankhula mokweza moti tonse tinkamva.

"Iwe mwana, ine ndakhala pano kuyang'ana galasi lopanda kanthu. Munthu wako uja ali kuti?"

"Ali pompano, malume. Ndi makina akuvuta."

"Makina. Ndinanena ine. Munthu wopanda chobisa sabisala kuseri kwa makina. Dzuwa likukwera, phiri lija silikwereka masana."

"Dikirani pang'ono chabe, malume, chonde."

"Ndimwe kaye madzi. Ndikamaliza ndikupita."

Anadula. Ndili pansi pa tebulo paja ndinakumbukira kuti makampani amakonda kuuza anthu kuti pasiwedi izikhala yovuta kulota. Ndinatuluka n'kukhala pampando.

"Uwafunse Amayi," ndinatero, "ngati m'mawu awomo muli kanthu kena kosakhala chilembo kapena nambala. Asanene mawuwo, angonena ngati kalipo."

Chibwenzi changa anabwereza.

"Uwauze akamwini kuti kusenda chinangwa amayamba choncho, pang'onopang'ono. Lero afunsa ichi, mawa icho, mkuja adziwa zonse."

Ndinaimirira. Sindikudziwa chimene ndikanalankhula, ndipo ndikuthokoza kuti sindinapatsidwe mpata. Chibwenzi changa, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu kwa Amayi, anavula tepi yoyezera m'khosi n'kuiika patebulo. Anakoka katani ija yonse mpaka kumapeto.

"Mayi, ine ndatopa kunyamula mawu m'chipinda chimodzi," anatero. "Malume akupita. Akapita, mkamwini amene mukumuopayu sakhalanso mkamwini wanu, akhala munthu wamba wodzamwa tiyi. Ine Disembala ndikwera basi, ndipo makina awa mupeza wina wosokera. Ndiye musankhe chimene mukusunga."

Amayi anakhala ali chiimire, mpango uli kumaso. Ndinayang'ana pansi, ndikudikira kuti mphezi igwe. Kenako ndinamva akupuma mozama. Anatsitsa mpango uja n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chiyambire nkhani ya ukwati.

"Eish. Iwe, tabwera ukhale apa," anatero. "Chipongozi tiyambiranso Lolemba."

Anakoka sitululu n'kukhala pambali panga, phewa lawo likugunda langa, fungo la sopo wawo lomwe lija. Ndinatsegula fayilo. Mawu amene ndinaona sindiwalemba pano, ngakhale akauntiyo inatsekedwa kalekale. Linali dzina la munthu amene sindinawamvepo akumutchula, lotsatana ndi manambala, ndipo sindinafunse kuti ndi ndani. Ndinangomvetsa kuti si akuba okha amene ankawabisira. Kumapeto kwa manambalawo kunali hashi.

"Amayi, aka n'kachiyani?"

"Mtsikana wa ku ofesi uja anati ndiikemo chizindikiro kuti akuba asalote. Ndiye ndinaika chotsekera. Mayunitsi sitimatseka ndi chimenechi?"

"Timatseka nachodi. Koma chikompyuta ichi chikangoona hashi chimasiya kuwerenga. Chikutumiza mawu anu opanda chotsekeracho, ndiye kampani ikuti si amenewo."

"Ndiye ndalakwitsa ine?"

"Ayi Amayi, simunalakwitse ngakhale chilembo chimodzi. Mwalemba bwino kuyambira dzulo."

"Ndinanena," anatero, akuyang'ana chibwenzi changa.

Kudziwa matenda sikuchiza. Kuchotsa hashi sikukanathandiza, popeza ku kampani inali italowa kale, ndipo nthawi yoti tikasinthenso panalibe. Ndinayang'anitsitsa mzere uja. Dzina la akaunti, limene linali ndi kachizindikiro kozungulira ka ma imelo pakati, mnzanga uja analitsekera m'mitengero, timizere tiwiritiwiri ta m'mwamba timene kusukulu tinkatsekera nato mawu olankhulidwa ndi munthu. Pasiwedi yakale sanaitsekere, inali ya zilembo zokhazokha. Ndinaganiza kuti mwina mitengeroyo imauza kompyuta kuti zonse zili mkatimu uzitenge mmene zilili, usasankhe. Ndinaika umodzi kutsogolo kwa mawu a Amayi, wina kuseri kwa hashi. Ndinasunga, ndinatseka, ndinalamula kuti chilumikize.

Mizere inayamba kutsika. Pamene pankatuluka mawu okana aja panatuluka manambala a adiresi, ndipo kuseri kwathu kompyuta imodzi inalira kusonyeza kuti mauthenga ayamba kulowa. Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo unali wa dzulo.

"Sharp," anatero Amayi. "Tinthu tiwiri tomweti basi?"

"Tomweti."

"Bwenzi utanena dzulo."

Chibwenzi changa anali ataimba kale ku Ntcheu. Mwini kafe anati malume atuluka, ali panja, alowetsa kale miyendo ya buluku m'sokosi ndipo akumasula njinga pamtengo. Tinamva akuthamanga, akuitana, kenako kukambirana kwakutali kosamveka bwino. Tinasamukira pa kompyuta ya pakati, imene kamera yake inali yabwinoko. Amayi anandigwira jekete n'kuyamba kundithothola ulusi kumsana, mwamphamvu ngati akupuntha mphasa.

Chithunzi chinabwera chodukaduka, kenako chinakhazikika. Anali munthu wochepa thupi kuposa mawu ake, wa ndevu zaimvi, atavala jekete lakuda ndi chipewa. Zomvera m'makutu anawaveka pamwamba pa chipewacho chifukwa anakana kuchivula. Anasendera pafupi kwambiri ndi kamera moti kwa kanthawi tinkangoona mphuno. Chibwenzi changa anagwada pansi powapatsa moni, n'kuzimiririka pa chithunzi, ndipo malume anafunsa kuti wapita kuti. Amayi anamukoka kuti adzuke.

Atalonjerana ndi Amayi, mwaulemu wonse ndi kufunsana za mvula, malume anati, "Ndiye ali kuti munthuyo?"

Ndinakhala pampando n'kuwomba m'manja. Anandiyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Sindinadziwe ngati ndi iwo akundiyeza kapena chithunzi chaima, choncho ndinangokhala osagwedezeka. Kenako mafunso anayamba. Kwanu ndi kuti, mfumu yanu ndani, makolo alipo, mumapemphera kuti, mowa mumamwa. Ndinayankha zonse. Anandiuza kuti ndiimirire ndi kubwerera m'mbuyo kuti andione thupi lonse. Anati ndionetse manja, ndipo ndinawatambasula pakamera, ndi zikang'a zake za makatoni.

"Kumudzi munasiya mkazi?"

"Ayi, bambo."

"Mwana?"

"Ayi."

"Ndikatuma munthu kwanuko akapeza zomwezo?"

"Mutume, bambo. Ndikupatsani ndi njira yomwe."

Anatembenukira kwa Amayi, kapena kumene ankaganiza kuti Amayi ali. "Inu mayi, amene mukukhala naye. Munthuyu ndi wotani?"

Amayi anawerama kuti alowe m'chithunzi. "Ndi waukali pang'ono, ndipo nsapato zake sapukuta. Koma kuyambira dzulo chinsinsi changa chinali pansi pa zala zake, ukwati wake ukumira, ndipo sanatsegule mpaka nditamuuza ndekha. Ine ndilibe naye mlandu."

Malume sanamvetse za chinsinsicho, ndipo sanafunse. Anakanda ndevu, anayang'ana kumbali, anandiyang'ananso.

"Wowonda," anatero. "Koma chabwino. Akamwini, auzeni akwanu atumize ankhoswe. Akandipeza kudimba."

Ndinawombanso m'manja. Ndinati zikomo kangapo. Chibwenzi changa anandigwira phewa pamaso pa akuluakulu awiri, ndipo palibe anamuletsa. Anatsanzikana ndi malume ake, anawatuma moni kwa anthu a kumudzi mmodzimmodzi, iwo n'kumangoti amva, amva, dzuwa lakwera.

Kenako malume anavula zomvera zija n'kuziika patebulo. Ankaganiza kuti akavula ndiye kuti zatha. Mwini kafe anali asanabwere kudzatseka, choncho ife tinkawaonabe, ndipo maikolofoni inkatola mawu chapatali. Ndinatambasula dzanja kuti ndidule, koma Amayi anandigwira pamkono.

Malume anakhala pampando paja osadzuka. Anavula chipewa chija, anachiyang'ana, anapukuta nacho kumaso. Anapukutanso kachiwiri, ndipo silinali thukuta. Wina anawalankhula kumbali, ndipo iwo analoza galasi ndi chipewacho.

"Ameneyo ndi mwana wa malemu mlongo wanga," anatero. "Ndinamunyamula ine pamaliro a mayi ake. Mwamuona mmene wanenepera? Akumusunga bwino. Ndipo wapeza munthu."

Ife atatu tinakhala chete, osatsokomola n'komwe, kuti asadziwe kuti tamva. Anavala chipewa chawo n'kudzuka, ndipo tinatsala tikuyang'ana mpando wopanda munthu mpaka mwini kafe atabwera kudzazimitsa.